Ng'ala imachotsedwa m'mphindi zochepa, koma diso limachirira kunyumba

Agogo akayamba kusokoneza adzukulu, kuphonya chitseko, kapena kudandaula kuti kunja kuli nkhungu pomwe kwacha bwinobwino, ambirife timangoti ndi ukalamba, n'kuwapatsa mwana woti aziwagwira ndodo. Nthawi zambiri imakhala ng'ala, ndipo ng'ala imachizika. Kafukufuku amene Dr. Khumbo Kalua ndi anzake anachita m'maboma a kumwera kwa Malawi, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011, anapeza kuti mwa anthu a zaka 50 kupita m'tsogolo, atatu mwa 100 aliwonse anali akhungu, ndipo pafupifupi theka la iwowa chinawachititsa khungu ndi ng'ala.

Kuseri kwa mwanadiso kuli kagalasi kachilengedwe, kotambalala pafupifupi sentimita imodzi, komwe kuwala kumadutsa. Munthu akamakula kagalasi kameneka kamachita mbuu, kenako n'kuyereratu, ndipo imeneyo ndiyo ng'ala. Matenda a shuga, kusuta fodya, kuvulala m'diso ndi kugwiritsa ntchito mankhwala ena kwa nthawi yaitali kumafulumizitsa vutoli. Palibe mankhwala odonthezera, akumwa kapena azitsamba amene amasungunula ng'ala. Amene akukugulitsani botolo pamsika ponena kuti limatsuka ng'ala akufuna ndalama zanu basi. Njira ndi imodzi: kuchotsa kagalasi kowonongekako n'kuikamo ka pulasitiki.

Mantha a agogo musawaseke, ali ndi pochokera. Kale madokotala ankachotsa ng'ala osaikamo chilichonse, munthu n'kupatsidwa magalasi okhuthala kwambiri, ndipo magalasiwo akasweka ankabwerera mumdima. Ambiri okalamba anaona zimenezi ndi maso awo. Kagalasi koika mkati mwa diso anakayamba ndi Harold Ridley ku London mu 1949, koma kanatenga zaka zambiri kuti katsike mtengo n'kufika m'zipatala zathu. Lero ndiko kamagwiritsidwa ntchito. Diso salizula ayi, ngakhale mphekesera zimatero. Munthu amakhala ali maso, amamubaya jakisoni wa dzanzi pambali pa diso, ndipo ntchito yonse kawirikawiri sifika theka la ola.

Achibale amene ali kunja, makamaka ku Joni ndi ku Britain, amakonda kufunsa ngati kwathu kuno kuli makina aja ophwanya ng'ala amene amawatcha phaco, ndipo akamva kuti madokotala ambiri amachita ndi manja podula kabala kakang'ono kosafunika kusoka, amayamba kukayika. Funso limeneli linayesedwa kale. Ku Nepal, Dr. Sanduk Ruit ndi anzake anagawa odwala 108 m'magulu awiri mwa maere, ena opareshoni ya makina, ena ya manja, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2007. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, 98 mwa 100 aliwonse m'magulu onse awiri ankaona bwino atavala magalasi oyenera. Ya manja inali yachangu komanso yotsika mtengo, ndipo ndi imene imayenda bwino ndi ng'ala zouma, zokhalitsa, zomwe ndizo zimabwera kuchokera kumidzi. Choncho musawasunge amayi m'nyumba zaka ziwiri podikira ndalama zokawaonetsa kunja.

Musadikirenso kuti ng'ala ikhwime. Mawu amenewa ndi a nthawi ya opareshoni yakale ija. Ng'ala ikayamba kumulepheretsa munthu kulima, kuphika, kuwerenga Baibulo kapena Korani, nthawi yakwana. Ikakhalitsa kwambiri imatha kufufuma kapena kuchucha mkati, mphamvu ya madzi a m'diso n'kukwera, diso n'kuyamba kupweteka koopsa, ndipo mtsempha woonera ukafa palibe angaudzutse. Yambirani pachipatala cha boma lanu, kumene kumakhala kiliniko ofesala wa maso. Iye ndi amene angakutumizeni ku Lions Sight First pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Nkhoma, kapenanso kukuuzani tsiku limene madokotala adzabwere pabomapo. Mukaona kuyera pamwanadiso wa khanda kapena mwana wamng'ono, imeneyo ndi nkhani ya sabata lomwelo, chifukwa ikhoza kukhala ng'ala yobadwa nayo kapena khansa ya m'diso.

Mwina mukudziwa wina m'mudzi mwanu amene anapita ku opareshoni n'kubwerako osaona, ndipo ndi iyeyo amene agogo amamutchula akamakana. Zimachitikadi, tisabise. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika muyeso mu 1998: mwa maso 100 ochitidwa opareshoni, oposa 80 aziona bwino, ndipo oona movutika kwambiri asafike asanu. Kuona bwino kunkatanthauza 6/18 pa tchati chija cha zilembo za E, ndiye kuti munthu ataima pa mamita 6 akuona chimene wa maso abwinobwino amachiona ali pa mamita 18. Kafukufuku wa m'midzi m'maiko ambiri osauka wakhala akusonyeza kuti muyeso umenewu sufikidwa. N'chifukwa chake mu 2021 maiko a m'bungweli anagwirizana kuti asamangowerenga kuchuluka kwa maopareshoni, koma aziwerenga anthu amene akuonadi bwino pambuyo pake, ndipo muyeso anaukweza kufika pa 6/12.

Akafufuza maso amene sanaone bwino, zifukwa zake zimabwerezabwereza. China ndi chakuti kuseri kwa ng'ala kunabisala matenda ena, monga glaucoma imene imapha mtsempha mwakachetechete, kapena shuga amene wawononga kale kuseri kwa diso. Apa ng'ala ikhoza kuchoka bwinobwino koma munthu osaona. Ndiye poyezetsa, funsani mosaopa kuti, "Adokotala, kupatula ng'alayi, m'diso muno mulinso vuto lina? Tiyembekezere kuti adzaona bwanji?" Nenaninso zoona za shuga, BP, chifuwa chokhalitsa ndi mankhwala onse amene akumwa, ndipo buku la kuchipatala lisatsale. China ndi ngozi za pa opareshoni pomwepo, zimene ndi mbali ya madokotala. Koma zifukwa zotsalazo, majeremusi olowa m'diso, kusowa magalasi ndi kusabwerera kuchipatala, zili m'manja mwa gadiyani, ndipo ndi pamene pamafunika malangizo ambiri.

Bandeji amaichotsa m'mawa mwake. Anthu amaimba, ena amalira poona nkhope za adzukulu amene ankangowadziwa ndi mawu. Chisangalalo chimenechi ndi chimene chimapusitsa, chifukwa munthu amaganiza kuti wachira pomwe bala lili laliwisi. Masabata oyambirira diso lisatikitidwe ngakhale liyabwe chotani. Usiku amange kachophimba kamene apatsidwa, chifukwa munthu kutulo sadziwa chimene dzanja likuchita. Posamba madzi ndi sopo zisalowe m'diso; kumaso azingopukuta ndi kansalu koyera konyowa, kozungulira diso, osati nsonga ya chitenje chimene avala tsiku lonse. Kusambira kumtsinje kapena kunyanja ayi. Amayi athu sakhala pansi, mukangotembenuka mupeza akupeta chimanga, akusesa pabwalo kapena awerama pamafuwa akukoleza moto. Gaga, fumbi ndi utsi ndi adani a diso latsopano, ndipo kusenza ndowa, kusinja ndi kugwira khasu zidikire mpaka adokotala avomereze. Ngati mungathe kusankha, konzani kuti opareshoni isagwe pa nthawi yobzala kapena yokolola, pamene aliyense ali kumunda ndipo agogo adzatsala okha pakhomo.

Kudontheza mankhwala ndi ntchito yofunika kuiona pafupi, chifukwa ambiri amalakwitsa. Asadzidontheze okha. Sambani m'manja ndi sopo, muumitse. Agogo akhale pampando, apendeketse mutu chagada, ayang'ane kudenga. Ndi chala chimodzi kokani chikope cham'munsi pang'ono kuti pachite kathumba, musakanikize diso lenilenilo. Botolo likhale m'mwamba pang'ono, kamwa lake lisakhudze diso, nsidze kapena chala chanu. Dontho limodzi ndi lokwanira. Lachiwiri limangotsikira patsaya. Atseke diso mofatsa kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Ngati mabotolo ali awiri, dikirani mphindi zisanu musanadontheze linalo, apo ayi lachiwiri litsuka loyamba. Kwa amene alibe wotchi, mangirirani nthawi ku zochitika za tsiku: podzuka, pa nsima yamasana, dzuwa likapendeka, ndi pogona, ngati anakuuzani kanayi. Pitirizani mpaka masiku amene analemba athe ngakhale diso lioneke kuti lachira.

Otsala m'botolo musagawireko mnansi amene diso lafiira. Ambiri mwa mankhwala amenewa ali ndi steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, amene pa diso la chilonda amakulitsa chilondacho mpaka diso kuboola.

Choopsa kwambiri pambuyo pa opareshoni ndi majeremusi akalowa mkati mwa diso. Sizichitika kawirikawiri, ndipo madokotala aphunzira kuzichepetsa. Kafukufuku wamkulu wa ku Ulaya wa anthu oposa 16,000, wa mu 2007, anapeza kuti kuika mankhwala opha majeremusi a cefuroxime mkati mwa diso pomaliza opareshoni kumachepetsa vutoli pafupifupi kasanu, ndipo zipatala za Aravind ku India zinaonanso kutsika kwakukulu pa maopareshoni oposa 600,000 zitayamba kugwiritsa ntchito mankhwala ena opha majeremusi a moxifloxacin. Komabe zikachitika, kawirikawiri m'masiku oyamba omwewa, diso limatha kuwonongeka tsiku limodzi kapena awiri. Kunyerenyesa pang'ono, misozi ndi kufiira kochepa n'zachizolowezi ndipo zimanka zichepa. Koma ululu ukamakula m'malo mochepa, kuona kumene kunabwera kukayambanso kuzilala, chikope chikatupa kapena manthongo akachuluka, nyamukani tsiku lomwelo. Musadikire deti imene inalembedwa m'buku, musadikire kuti mwana atumize ndalama pakutha pa mwezi. Ndalama ya kabaza ndi minibasi yobwererera mwadzidzidzi muziikiratu padera musanapite n'komwe ku opareshoni.

Ndipo pa nthawi imeneyi m'diso musalowe china chilichonse: madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, madzi a mchere kapena a shuga. Paul Courtright, Susan Lewallen ndi anzawo anapeza mu 1994 kuti mwa odwala zilonda za m'maso amene anafika pa zipatala za kumidzi kuno ku Malawi, mmodzi mwa atatu aliwonse anali atathira kale mankhwala achikuda. Sindikunyoza asing'anga; ofufuza omwewa anagwira nawo ntchito ku Chikwawa, kuwaphunzitsa kuzindikira ng'ala ndi kutumiza anthu kuchipatala. Sing'anga wanzeru sathira kanthu m'diso lodulidwa.

Tsopano za kubwerera. Kafukufuku wotchedwa PRECOG, amene anachitika m'zipatala 40 za m'maiko 10 a ku Asia, Africa ndi Latin America n'kusindikizidwa mu 2013, anapeza kuti pafupifupi theka lokha la odwala ndi amene anabwerera okha kukaonedwanso patatha masabata angapo. Zifukwa timazidziwa: thiransipoti, mtunda, komanso maganizo akuti ndikuona kale, ndikatani. Koma ulendo wa pakatha masabata anayi kapena asanu ndi limodzi ndi umene amayeza magalasi. Kagalasi koikidwa m'diso kawirikawiri amakasankha kuti munthu aziona patali, choncho kulowetsa ulusi m'singano, kusankha mpunga kapena kuwerenga uthenga pafoni kumafuna magalasi owerengera. Ambiri amene amati opareshoni sinathandize kwenikweni amangosowa magalasi. Ndi pa ulendo womwewu pamene mumakambirana za diso linalo, chifukwa ng'ala imakonda kugwira maso onse awiri.

Pakapita miyezi kapena zaka, ena amayambanso kuona mbuu n'kumati ng'ala yamera kachiwiri. Ng'ala simeranso. Kathumba kamene kamasunga kagalasi katsopanoko ndi kamene kamachita chifunga, ndipo amakaboola ndi kuwala kwa laser m'mphindi zochepa, popanda kudula. Si chipatala chilichonse chili ndi makina amenewa, ndiye funsani kwa kiliniko ofesala wa maso kumene angakutumizeni.

Agogo akakana kupita, musalimbane nawo, ndipo musawatengere mwachinyengo ponena kuti mukupita kukaona wodwala. Courtright ndi anzake anaonanso mu 1995 kuti amene ankavomera opareshoni mosavuta anali amene analankhulapo ndi munthu wina za opareshoniyo kapena ankadziwa wina amene anachitidwapo. Funsani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kwa amfumu kapena kumpingo ndi kumzikiti ngati kuli wachikulire amene anachotsedwa ng'ala ndipo akuona. Mupempheni adzacheze nawo, makamaka ngati ali wamsinkhu wawo, muwayalire mphasa, inu n'kuchokapo kuti afunsane momasuka.