Kasamalidwe ka pansi pa simenti m'nyumba

Mwafunsa kuti mungatani kuti pansi pa simenti m'nyumba mwanu paziwala popanda kuterera, komanso ngati n'kofunika kuitana mmisiri.

Choyamba, sesani bwinobwino ndi tsache lofewa, chifukwa mchenga wotsalira ndi umene umakanda simenti anthu akamapondapo. Kenako kolopani ndi madzi osakaniza ndi sopo wochepa, mubwerezenso ndi madzi oyera kuti sopo asatsalire, ndipo mutsegule mawindo mpaka pansi paumiretu.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amapaka polishi wochuluka pansi pasanaume, ndipo polishiyo amagwira fumbi n'kusiya litsiro lakuda m'makona. Tengani polishi pang'ono pa kansalu, wofiira ngati simenti yanu ndi yofiira, mupake mopyapyala kuyambira kukona yakutali kubwerera kukhomo kuti musapondepo. Dikirani mphindi ngati 20, kenako kwechani ndi bulashi n'kumalizira ndi nsalu youma. Kamodzi pa sabata n'kokwanira. Masiku enawo ingosesani ndi kupukuta. M'bafa ndi m'chipinda cha agogo ine sindipakamo konse, poopa kuti angaterereke n'kuvulala.

Ngati pansi pang'aluka, kapena mukagogoda pakumveka ngati m'kati muli mphako, polishi sangathandize, pafunika mmisiri womanga. Mupempheni kuti mukaone nyumba ina imene anagwirako ntchito, mugwirizane mtengo ntchito isanayambe, ndipo simenti mugule nokha. Ndalama zotsala mumupatse pokhapokha malo okonzedwawo atathiriridwa madzi kwa masiku 7 n'kuuma osang'alukanso.