Momwe mungayesere nokha mitsempha ya m'khutu imene imatiteteza kuti tisadzandire

Mkati mwenimweni mwa khutu lililonse muli timachubu titatu topindika, todzaza ndi timadzi. Mutu ukatembenuka, timadzito timatsalira m'mbuyo pang'ono, monga amachitira madzi m'beseni mukalizunguza mwadzidzidzi, ndipo timakankha tiubweya tolumikizana ndi mitsempha yopita ku ubongo.

Mitsempha imeneyi sigona. Mu 1971, akatswiri a sayansi Jay Goldberg ndi César Fernández a ku University of Chicago ku America anaiyeza pa anyani ang'onoang'ono a ku South America, n'kupeza kuti ngakhale mutu utangokhala phee, kamtsempha kamodzi kamatumiza timauthenga pafupifupi 90 pa sekondi. Mukacheukira kumanzere, ya khutu lamanzere imawonjezera liwiro pamene ya kumanja imachepetsa. Ubongo umangowerenga kusiyanako, basi wadziwa komwe mutu walowera. Zimenezi mukhoza kuziona nokha pakhomo, opanda chida chilichonse.

Choyamba, khalani pampando, tambasulani mkono, maso pa chikhadabo cha chala chachikulu. Gwedezani dzanjalo uku ndi uku mwachangu, mutu osasuntha. Chalacho chiyamba kuoneka mwachimbuuzi. Tsopano liimitseni dzanja, m'malo mwake pukusani mutu ngati mukukana, pa liwiro lomwe lija. Chikhadabo chija chioneka bwinobwino.

Apa ndiye pagona nkhani. Uthenga wochokera kukhutu umafika ku minofu ya maso m'kanthawi kochepa zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi, ndipo maso amatembenukira mbali yosiyana ndi komwe mutu wapita. Maso akamatsatira okha chinthu choyenda amachedwa pafupifupi kakhumi kuposa pamenepo. N'chifukwa chake mumatha kuwerenga chikwangwani muli pa kabaza mumsewu wa mabampu.

Chachiwiri chikufuna mnzanu, komanso malo a udzu opanda miyala. Tsinzinani, zungulirani kumanja kakhumi mosathamanga, kenaka imani nji, mnzanuyo akugwireni mapewa. Tsegulani maso, iye awayang'anitsitse. Awaona akutsetserekera mbali imodzi n'kubwerera msangamsanga, mobwerezabwereza, inu mukumva ngati mukuzungulira kumanzere. Chachitika n'chakuti pozungulira paja timadzi tinayamba kuyendera limodzi ndi mutu, ndiye mutaima timapitirirabe n'kukankha tiubweya mbali inayo. Mitsempha siikunama ayi, ikunena zomwe yamva. Pakapita masekondi angapo zimatha zokha. Amayi oyembekezera, okalamba, odwala BP kapena khosi, ichi chokha chilumpheni.

Chachitatu n'chachidule. Imani pafupi ndi khoma, mapazi pamodzi, pamwamba pa pilo, n'kutsinzina. Maso mwawatseka, mapazi mwawasokoneza, ndiye ntchito yambiri yatsalira khutu, makamaka timatumba tiwiri tokhala ndi timiyala tosaoneka ndi maso, tomwe timamva kupendekeka kwa mutu. Kugwedera pang'ono si vuto.

Ngati pa choyamba chija chala chimachita chimbuuzi ngakhale mukupukusa mutu pang'onopang'ono, kapena mukamayenda zinthu zimaoneka ngati zikudumphadumpha, kauzeni adokotala. Musaiwale kutchula mankhwala amene munalandirapo. Jakisoni wa gentamicin, komanso streptomycin amene ankabaya odwala TB, amatha kuwononga tiubweya tija, ndipo ambiri sazindikira msanga chifukwa makutu onse awiri akafookera limodzi, chizungulire chenicheni sichibwera, munthu amangodzandira, makamaka kukada.

Koma chizungulire chikabwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kulemera kwa lilime, kupindika kwa pakamwa, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kufooka kwa mkono, zoyesayesazi zisiyeni. Ikhoza kukhala sitiroko, ndipo wodwalayo athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo.