Kujambula masamba akamasintha mtundu

Kwa inu amene muli ku Britain, masamba amafika pokongola kumapeto kwa Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Novembala. Palibe chifukwa chopitira kutali, mtengo wa pamalo okwerera basi ndi wokwanira.

Chachikulu ndi komwe dzuwa lili. Imani moti dzuwa likhale kuseri kwa tsambalo, kuwala kudutse mkati mwake. Timitsempha take timaoneka tonse ndipo chikasu chimayaka ngati nyali. Dzuwa likakhala kumsana kwanu, mtundu umazirala. Nthawi yabwino ndi ola loyamba dzuwa litatuluka kapena lomaliza lisanalowe, ndipo dziwani kuti mawotchi akabwezedwa m'mbuyo Lamlungu lomaliza la Okutobala, ku London dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane.

Pa foni, pukutani kaye kagalasi ka kamera, dinani pa tsambalo kenako tsitsani kuwala pang'ono. Mukaisiya foni isankhe yokha, kufiira kumasanduka chigamba chopanda mizere. Ngati foni kapena kamera yanu imalola, ikani white balance (posinthira kaonekedwe ka mitundu) pa Cloudy, chifukwa Auto imayesa chikasu chochuluka n'cholakwika n'kuchithira mtundu wa buluu. Zoom ya foni isiyeni, sunthani nokha muyandikire.

Mphepo ikamagwedeza nthambi, shutter (nthawi imene kamera imatseguka kuti kuwala kulowe) ikhale pa 1/500 ya sekondi. Mvula ikangokata, tulukani msanga: masamba onyowa ali pa phula lakuda ndi okongola zedi, koma amanyezimira. Fyuluta ya polariser (kagalasi koika kutsogolo kwa kamera) imachotsa kunyezimirako mukamaitembenuza pang'onopang'ono.

Kwathu ku Malawi, njira yomweyi imathandiza miombo ikamaphukira masamba ofiira mu Ogasiti ndi Seputembala.