Kupaka mtundu wa sepia (bulauni wofiirira) pa chithunzi chakale

Yambani ndi sikana, makina olowetsera chithunzi chapapepala mu kompyuta. Jambulani chithunzicho pa 600 dpi (madontho 600 pa inchi iliyonse), musankhe Color ngakhale chili chakuda ndi choyera, ndipo musunge ngati fayilo ya mtundu wa TIFF. Fayilo yoyambayo musaikhudze, koperani ina yogwirirapo ntchito.

Mu Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi, pitani pa Image, kenako Mode. Ikakhala pa Grayscale, sinthani ikhale RGB, apo ayi mtundu sulowa. Ambiri amakakamira pomwepa.

Chotsani kaye chikasu chakale ndi layer (kagawo kosanjikiza pamwamba pa chithunzi) ya Black & White, mufufute madontho a nkhungu ndi Healing Brush, mukonze kuwala ndi Levels. Mukalumpha zimenezi, sepia amangoonetsa poyera zipsera zonse.

Tsopano onjezani layer ya Hue/Saturation, chongani Colorize. Hue ikhale pakati pa 30 ndi 35, Saturation pakati pa 20 ndi 25. Saturation ikapitirira 40, nkhope zimafiira ngati dothi la katondo, ndipo agogo anu sakhalanso iwo. Mtundu ukakulabe, tsitsani Opacity ya layer imeneyi kufika pa 70.

Posindikiza, yesani kaye kachithunzi kakang'ono, chifukwa papepala mtundu umada kuposa pakompyuta.