Kukonza menyu ya GRUB kuti kompyuta izikufunsani mukufuna kuyambira pa disiki iti

Ngati muli ndi Windows pa hard disk ndipo mwaika Ubuntu pa SSD ina, kapena mumanyamula Linux pa flash, simufunika kumathamangira F9 pa HP kapena F12 pa Dell ndi Lenovo nthawi iliyonse mukayatsa. GRUB, pulogalamu yomwe imadzutsa Linux kompyuta ikamayaka, imatha kukubweretserani menyu yokha, kungoti pamafunika kuikonza kuti ngakhale mng'ono wanu amene sadziwa za Linux asasochere.

Musanayambe onetsetsani kuti masisitimu onsewo anaikidwa munjira imodzi, onse UEFI (njira yatsopano yoyatsira kompyuta) kapena onse Legacy (njira yakale), chifukwa mukasakaniza GRUB siingadzutse Windows ija olo mutavutika usiku onse.

Fayilo yogwira ndi /etc/default/grub, ija ya /boot/grub/grub.cfg musaikhudze chifukwa imalembedwanso yokha ndipo zomwe mwasintha zimafufutika. Tsegulani polemba mu terminal sudo nano /etc/default/grub ndiye muike GRUB_TIMEOUT_STYLE=menu kuti menyuyo izioneka m'malo mobisika. GRUB_TIMEOUT ine ndimaika 8, masekondi awiri amachepa kwambiri munthu akamawerenga kaye, 30 ndiye amatopetsa. Pa GRUB_DEFAULT dziwani kuti kuwerenga kumayambira pa 0 osati 1, koma ine ndimakonda GRUB_DEFAULT=saved pamodzi ndi GRUB_SAVEDEFAULT=true, apo kompyuta imakumbukira yomwe munalowa komaliza.

Windows ikapanda kuoneka pa menyu musaope kuti yafufutika. Kuyambira GRUB 2.06 ya 2021 kaprogramu kofufuza masisitimu ena, os-prober, kamabwera kozimitsa, ndiye onjezani GRUB_DISABLE_OS_PROBER=false.

Tsopano pofunika kwambiri ndi apa. Anthu ambiri amalemba entry yawo, kutanthauza mzere wosankha pa menyu, n'kuloza disiki ndi hd0 kapena hd1, zimayenda bwinobwino mpaka tsiku lomwe wina wasomeka flash asanayatse, manambala aja asinthana ndipo menyu ikukulozerani disiki yolakwika kapena kungoti error basi. Gwiritsani UUID, nambala yapadera yodziwira partition (gawo la disiki), imeneyo siisintha olo musomeke maflash angati. Lembani sudo blkid, ngati masisitimu anu ndi a UEFI pezani partition ya EFI ya Windows, imakhala yaing'ono ndipo imalembedwa vfat, kopelani UUID yake. Kenako pansi pa /etc/grub.d/40_custom, osafufuta mizere yomwe ilipo kale pamwamba, ikani izi:

menuentry "Windows ya pa hard disk" {
savedefault
insmod part_gpt
insmod fat
search --fs-uuid --set=root UUID-YANU
chainloader /EFI/Microsoft/Boot/bootmgfw.efi
}

Dzinalo lembani lomveka kwa amene azigwiritsa ntchito kompyutayo, ngati ndi ya kunyumba mutha kulemba "Windows ya ana asukulu" kaya "Ubuntu ya ntchito", zija za Windows Boot Manager on /dev/sda1 sizithandiza munthu aliyense. Mukalemba entry yanuyi os-prober ija mutha kuizimitsanso kuti Windows isaoneke kawiri, menyu yaifupi ndi yomwe anthu salakwitsa.

Za magetsi nazo tisaiwale poti kwathu kuno amatha kuzima kompyuta ili mkati moyaka. Ubuntu ikaona kuti ulendo wathawo sinayake bwino imaima pa menyu nthawi yaitali kuposa yomwe munaika, ndiye ngati ndi desktop yomwe mumafuna izidzuka yokha magetsi akabwera, ikani GRUB_RECORDFAIL_TIMEOUT=8.

Mukamaliza zonsezi lembani sudo update-grub, popanda imeneyi palibe chomwe chasintha. Mu Windows namo zimitsani Fast Startup, imasiya disiki ngati yotsekedwa theka ndiye Linux imakana kulembapo mafayilo. Kenako yatsaninso kompyuta kawiri, koyamba flash ili yosomeka kachiwiri mutaichotsa, ndipo mulowe entry iliyonse muone ngati ikukafika komwe dzina lake likunena.