Kukagona ku phiri ndi ana aang'ono, samalani chisanu komanso mbaula

Makolo anzanga, mukafuna kutenga ana pa wikendi kukagona mu tenti ku phiri ine ndimati yambirani ku Zomba, Mulanje adikire kaye. Pamwamba pa phiri la Zomba galimoto imafika, msewu wake ndi wa tala kuchokera mtauni, ndiye mwana akadwala usiku mumangolongedza nkutsika, Zomba Central Hospital ili mmunsi momwemo. Ku Mulanje mukanyamuka pa Likhubula kupita ku nyumba za pamwamba ngati Chambe kapena Lichenya ndi maola angapo wapansi, chikweza chokhachokha, mwana wa zaka 4 amathera pamsana panu. Za Sapitwa wa mamita 3,002 uja musaziganizire nkomwe. Ngati mtima uli ku Mulanje basi, gonani mmunsi, masana mukawaonetse Dziwe la Nkhalamba nkubwerako.

Chomwe ndimaopera ana kwambiri kuphiri ndi kuzizira. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo ku Zomba nsonga ngati Malumbe imapitilira mamita 2,000, ndiye mutha kunyamuka mtauni mutavala malaya okha koma dzuwa likangolowa kumtunda kuja mano amayamba kugundana. Juni ndi Julayi ndiye musanene, chiperoni chikabwera ndi nkhungu komanso kamvula kowaza kaja zovala zimanyowa osazindikira. Thupi la mwana ndi laling'ono, limataya kutentha msanga kuposa lanu, komanso iye sanena kuti ndazizidwa, amangosewerabe mpaka milomo itasintha mtundu.

Ndiye nthawi ikamakwana 4 koloko madzulo aitaneni onse, avuleni zonse zomwe atuluka nazo thukuta kapena anyowa nazo kumtsinje, avekeni zouma musanayambe ndi kuphika komwe. Juzi ziwiri zopyapyala ndi jekete pamwamba zimafunda bwino kuposa chijasi chimodzi, chipewa cha ulusi kumutu, sokosi zouma zogonera zokha osati zomwe wayenda nazo tsiku lonse. Zovala zogonerazo zimangeni mu jumbo kuchokera kunyumba kuti chinyezi chisazipeze, ndipo ikani zina zapadera, mwana wokodza pogona akanyowetsa cha mma 2 koloko usiku mumusinthe nthawi yomweyo ndi tochi, musamati tidzaona kukacha.

Pansi ndi pomwe anthu ambiri amaiwala. Amaunjika mabulangete pamwamba koma mwana wagona pa kansalu ka tenti, nthaka yozizira ija imamuyamwa kutentha usiku onse. Yalani kaye makatoni kapena mphasa, kenako kamatiresi ngakhale kopyapyala, kenako bulangete, ndiye agone. Wamng'ono kwambiri agone pafupi ndi mayi ake koma nkhope ikhale poyera, osamufunditsa mpaka kumphuno.

Mukaona mwana akunjenjemera kwambiri, wasiya kuyankhula, akupunthwa poyenda kapena akungofuna kugona nthawi yosayenera, mukamugwira pamimba pali zii, musachedwe. Muvuleni zonyowa, mumuike pachifuwa panu khungu kwa khungu ngati mmene amachitira amayi a ana obadwa masiku asanakwane kuchipatala, mufundane nonse awiri, ngati akutha kumeza mupatseni chakumwa chofunda cha shuga kapena ayamwe. Akapanda kusintha msanga tsikani naye kuchipatala.

Tsono apa mundimvetse bwino, chonde chonde mbaula isalowe mu tenti. Ndikudziwa kukazizira mtima umati tingoiika pakona pangotsala makala ochepa, koma makala akamayaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya woipa wa carbon monoxide womwe sununkha komanso suoneka, munthu amangomva mutu ndi tulo basi osadzukanso, ndipo ana ndi amene amayamba kugonja. Ngakhale makala aoneke ngati azima amatulutsabe. Kasitovu ka gasi chimodzimodzi, phikirani panja. Ngati mukufuna chofunditsa, thirani madzi ofunda mu botolo lotseka bwino, likulungeni mu chitenje muike kumapazi kwa mwana. Moto wa panja muzimitse ndi madzi musanagone, makamaka Seputembala ndi Okutobala udzu ukauma, mitengo ya paini ija sichedwa kugwira.

Masana musawakakamize mtunda. Kuyenda pang'ono kukaona mathithi a Williams Falls kapena kukhala mmbali mwa damu la Mulunguzi kwawakwanira, ana amasangalala ndi timiyala ndi agulugufe kuposa kuona patali. Koma pamadzi paliponse munthu wamkulu mmodzi ntchito yake ikhale kuyang'ana ana basi, foni mthumba, chifukwa miyala ya pamathithi imaterera ndipo madzi ake ndi ozizira zedi. Mukapita ku Chingwe's Hole kapena ku Emperor's View komwe anaimako mfumu ya ku Ethiopia Haile Selassie mu 1965, dzanja la mwana lisachoke mdzanja lanu, kuli maphompho. Nkhungu ikatsika njira imasowa pompo, choncho tengani woperekeza wodziwa phirilo ndipo auzeni a pamalo pomwe mwagona komwe mwalowera.

Madzi a mumtsinje aziwoneka oyera bwanji, wiritsani kapena thirani WaterGuard ana asanamwe, ndipo mchikwama musasowe Thanzi ORS, Panado wa ana ndi mabandeji. Zipatso zomwe amagulitsa mmbali mwa msewu pokwera, mastrawberry aja, tsukani ndi madzi omwewo. Chakudya tengani chomwe anazolowera, phala lotentha mmawa, mbatata, mazira owiritsa, chiponde, ndipo muzitsekera mu galimoto kapena mu ndowa ya chivindikiro poti anyani akaona mwana wanyamula buledi amatha kumulanda mmanja.

Ulendo woyamba gonani usiku umodzi wokha, ndipo musaupange pakati pa dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi mvula ndi ziphaliwali zimavuta kumtunda. Fikani dzuwa lili pamutu kuti tenti muimike kukuwala, pamalo okwera pang'ono kutali ndi mtsinje, galimoto muiimike moyang'ana kotulukira ndipo mafuta akhalemo okwanira kutsika usiku.