Kudzipangira nthambo yotchajira power station ndi sola

Kuzimazima kwa magetsi kwachititsa kuti mabanja ambiri agule timabokosi tosunga magetsi totchedwa power station, monga EcoFlow, Bluetti ndi Jackery. Vuto limene anthu akundibweretsera kawirikawiri ndi la nthambo. Yobwera ndi makinawo imakhala yaifupi, kapena siigwirizana ndi panelo imene inalipo kale padenga. Mukhoza kudzipangira nokha, ndipo ntchito yake siitha ola limodzi. Koma muyeze musanalumikize, chifukwa kulakwitsa kwa mphindi imodzi kukhoza kuwotcha makina amene munasonkherera ndalama miyezi yambiri.

Musanagule kanthu, tembenuzani panelo yanu. Kumbuyo kwake kuli kapepala ka manambala. Funani pamene palembedwa Voc. Amenewo ndi mavoliti amene panelo imatulutsa isanalumikizidwe ku chilichonse, ndipo ndi amene makina anu amayamba kukumana nawo. Panelo zimene timazitcha za mavoliti 12 zimakhala ndi Voc ya pafupifupi 22, pomwe zikuluzikulu za mawati 550 zimayandikira 50. Kenako werengani malire olembedwa pafupi ndi polowetsera sola pa makinawo kapena m'kabuku kake. EcoFlow River 2 imalandira mavoliti 11 mpaka 30, pomwe Delta 2 imalandira 11 mpaka 60. Ndiye kuti panelo ya mawati 550 ndi yoyenera Delta 2, koma ikhoza kupsereza River 2.

Apa ndi pamene ambiri amasokoneza. Maampu, omwe ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya, akachuluka makina amangotengako amene akufuna, otsalawo n'kuwasiya. Mavoliti akapitirira malire makina alibe podzitetezera. Mukalumikiza mapanelo awiri motsatizana, pozitivi ya iyi kupita ku negativi ya inayo, mavoliti amaphatikizana: 22 ndi 22 akhala 44. Atatu afika 66, ndipo ngakhale Delta 2 yapitiriridwa. Mukawalumikiza mbali ndi mbali, pozitivi kwa pozitivi, mavoliti amakhala omwewo koma maampu ndi amene amachuluka. Kumbukiraninso kuti Voc yolembedwayo inayezedwa pa kutentha kwa madigiri 25. Kukazizira imakwera. M'mawa wa mwezi wa June ku Dedza kapena ku Mzimba, dzuwa litangowomba panelo yozizira, mavoliti amaposa a pakapepala. Siyani mpata wa mavoliti angapo, musamagunde malire.

Tsopano waya. Kuonda kwa waya kumadya magetsi, ndipo amene adyedwawo amasanduka kutentha. Tiyerekeze kuti panelo ili mamita 10 kuchokera pamene pali makina. Magetsi amapita ndi kubwerera, choncho waya ndi mamita 20. Pa maampu 10, waya wa 1.5mm² (nambalayi ndi kunenepa kwa waya) umataya mawati oposa 20. Wa 4mm² umataya pafupifupi 9, wa 6mm² pafupifupi 6. Pa panelo ya mawati 200, kusankha waya woonda kuli ngati kutaya chakhumi cha zokolola tsiku lililonse. Ine ndimalangiza 4mm² pa mtunda wosapitirira mamita 10, ndipo mukapitirira pamenepo tengani 6mm². Waya wa sipika kapena fulekisi ya m'nyumba musaiike padenga. Chikopa chake chimang'aluka ndi dzuwa, mvula ikabwera madzi amalowa. Funsani waya wa sola weniweni, wa zikopa ziwiri, wofiira ndi wakuda.

Pogula, pemphani kuti asende kachidutswa, ndipo palani timawaya tam'kati ndi mpeni. Waya wabwino wa sola nthawi zambiri umaoneka wotuwa ngati siliva kunja, chifukwa kopala wake amamukuta kuti asachite dzimbiri, koma mukapala mupeza kufiira m'kati. Waya wachinyengo ndi wosiyana nawo: kunja ndi wofiira bwino, mukapala mupeza aluminiyamu woyera. Umapepuka m'manja, umathyoka msanga ukapindidwa, ndipo umadutsitsa magetsi movutikira. Anthu ambiri amakana wabwinowo chifukwa cha maonekedwe n'kutenga wachinyengowo, zimene zimandimvetsa chisoni.

Kumbali ya panelo, zolumikizira zake ndi MC4, zakuda zija zimene zimalira kuti "tche" zikagwirana. Musadule za pa panelo n'kupota mawaya ndi tepi. Gulani MC4 ziwiri, yaimuna ndi yaikazi. Sendani waya pang'ono, osafika sentimita imodzi, osadula kawaya ndi kamodzi komwe. Lowetsani m'kachitsulo kake ndipo finyani ndi crimper ya MC4, chida chofinyira tizitsulo timeneti. Pulayazi wamba amangophwathalitsa, sagwira mokwanira, ndipo polumikiza polobodoka ndi pamene pamayamba kutentha mpaka pulasitiki kusungunuka. Ngati mulibe crimper, bwerekani kwa amisiri oika sola a m'dera lanu. Mukafinya, kokani mwamphamvu. Waya ukasololoka yambiraninso. Samalani ndi tizitsuloto: kachitsulo konga msomali kamalowa m'chikopa cha pulasitiki cha MC4 chokhala ndi dzenje, ndipo kachitsulo kamphako kamalowa m'chikopa chosongoka. Kakalowa molakwika kutuluka n'kovuta, choncho yerekezani kaye ndi za pa panelo musanakankhe. Pomaliza mangani nati yakumbuyo kuti labala agwire waya, madzi asalowe.

Kumbali ya makina, yang'anani dzenje lake bwinobwino. EcoFlow amagwiritsa ntchito XT60, kapulagi kachikasu. Pamakina awo ena pamafunika XT60i, yomwe ili ndi kachitsulo kachitatu kouza makinawo kuti magetsi akuchokera ku sola. Mukaika XT60 wamba makina otero akhoza kudziletsa pa maampu 8 poganiza kuti akutchajidwa ndi galimoto, inu n'kumadabwa kuti dzuwa likuswa mtengo koma mawati sakukwera. Jackery amagwiritsa ntchito pulagi yozungulira ya mamilimita 8, koma zilipo ziwiri zofanana kwambiri, DC7909 ndi DC8020, zosiyana kukula kwa kamsomali kapakati. Mukamapita kokagula, nyamulani nthambo yakale kapena makina enieniwo.

XT60 amaiwotcherera ndi mtovu. Mbali yake yafulati ndi pozitivi, mbali yodulidwa makona ndi negativi, ndipo zizindikiro zili pomwepo. Yambani mwaveka waya kachubu kofota ndi moto, chifukwa mukawotcherera sikangalowenso. Pakani mtovu pa waya ndi m'kadzenje padera, kenako muziphatikize. Chitsulo chowotcherera chikhale chotentha kwambiri kuti musachedwe nacho. Ndi bwino kulumikiza XT60 inzake kutsogolo pamene mukuwotcherera, kuti pulasitiki ikafewa tizitsulo tisapendeke. Mtovu wogwira bwino umaoneka wosalala ndi wonyezimira. Ukaoneka ngati phala louma, tenthetsaninso.

Ngati mtovu mulibe, njira yapafupi ndi kugula nthambo yaifupi yopangidwa kale, ya MC4 mbali ina ndi pulagi ya makina anu mbali inayo, inu n'kungopanga yowonjezera kutalika yokhala ndi MC4 mbali zonse. Kwa oyamba kumene ndi imene ndimakonda.

Nthambo ikatha, musathamangire kumakina. Ilumikizeni ku panelo yokha padzuwa, tengani multimeter, mita yoyezera magetsi, ikani pa mavoliti a DC (magetsi a mtundu wa batire ndi sola) pa muyeso woposa Voc yanu, ndipo gundani kamtengo kofiira pa pozitivi ya pulagi, kakuda pa negativi. Nambala ibwere pafupi ndi Voc ija. Kutsogolo kwake kukaoneka kamzere ka kuchotsera, mwatembenuza mawaya. Musadalire mtundu wa waya kapena chizindikiro cha pa MC4, chifukwa pa nthambo yowonjezera chizindikirocho chikhoza kukunamizani. Dalirani mita.

Zonse zikakhala bwino, phimbani panelo ndi katoni, lumikizani kumakina, kenako vundukulani. Pochotsa chitaninso chimodzimodzi, pakuti kukoka MC4 magetsi akuyenda kumatulutsa moto umene umawononga tizitsulo. Masana a tsiku loyamba, makina atatchaja kwa theka la ola, gwirani polumikiza ponse ndi dzanja. Kufunda pang'ono si vuto, koma pamene pakuwotcha dulanipo mupangenso. Nthambo imangirireni kuti isakhulane ndi m'mphepete mwa malata, ndipo makinawo akhale m'nyumba pamthunzi, kutali ndi chinyezi.